Mbande za mbawa zikufera pansi pa kholo lake: kodi tipopere mankhwala?

Funso: Ndine wapampando wa komiti yosamalira nkhalango ya m'mudzi mwathu, kumalire a Kaning'ina mbali yotsikira ku Nkhata Bay. M'mbali mwa mtsinje tili ndi mbawa zikuluzikulu zitatu. Chaka chilichonse mvula ikagwa, pansi pake pamamera mbande zosawerengeka, koma ikamafika Julayi zimakhala zitatha, pamene mbande za mitengo ina zikukula pomwepo. Anzanga akuti tisonkhe ndalama tigule mankhwala opopera. Kodi titero? Komanso n'chifukwa chiyani kumtsinjeko mitengo imakhala yosakanikirana chonchi, pomwe masuku ndi miombo kumtunda zimamera mothithikana, ndipo paini wa ku Chikangawa amakula yekhayekha?

Yankho: Bambo wapampando, mankhwalawo musagule. Ndalamayo ikagule machubu ndi keni yothirira, chifukwa mbande zimene zikukuwawanizo mungazipulumutse ndi manja, pozichotsa pansi pa kholo lake zisanafe. Zimene mukuonazo ndi njira imodzi imene nkhalango za m'madera otentha zimakhalira ndi mitengo yamitundumitundu, ndipo mukaimvetsa bwino idzasintha ngakhale kabzalidwe kanu.

Tiyambire patsinde pa mbawa yanuyo. Mtengo wotero wakhala pamenepo zaka zambirimbiri, mwina kuposa 100. Chaka ndi chaka ukuyoyola masamba, makoko a zipatso ndi njere, ndipo pansi mizu ina ikufa, ina ikuphuka. Chilichonse chimene chimadya mbawa chinamanga mudzi pamenepo kalekale: mafangasi (zamoyo za gulu la bowa ndi chuku) a m'dothi owoletsa mizu, ena a m'masamba amene amatsika ndi madontho a mvula kuchokera kunthambi, mbozi, tizilombo tofumbula njere, ndi mbewa zimene zimadziwa mwezi umene pansi pano pamagwa chakudya. Kholo lenilenilo sizilipweteka kwenikweni. Khungwa lake n'lokhuthala, mizu inazama, ndipo likataya masamba ena limaphukira ena. Kambande ka masamba awiri kalibe chimodzi mwa zimenezi. Tsinde lake n'lanthete, lamadzi okhaokha, ndipo chakudya chake chonse ndi chija chinali m'njere. Fangasi akangokaluma kamodzi m'khosi, pamene tsinde lakumana ndi dothi, kwatha.

Tsono onani mmene njere zimagwera. Za mbawa zili ndi timapiko, mphepo imazinyamula, komabe zochuluka zimatera pafupi, m'kati mwa mamita makumi ochepa kuchokera patsinde. Ndiye kuti pamene njere zachuluka kwambiri m'pamenenso adani ake achuluka kwambiri. Mukamapita kutali njere zimachepa, koma iliyonse yotera kumeneko ili ndi mwayi waukulu wokula. Mapeto ake mwana wa mbawa amene adzafike pokhala mtengo amapezeka chapatali, ndipo malo a pansi pa kholo amatsalira katope, mkuyu, mkundi kapena mtengo wina uliwonse umene adani ake ali kwina. Nawonso mitengoyo ikadzakula, ana ake adzakanika pansi pake, n'kusiyira ena. Mlimi wa matimati amadziwa zimene zimachitika akabzala pabedi lomwelo chaka ndi chaka: dothi limadzaza matenda a matimati, ndipo mankhwala ake ndi kasinthasintha. Nkhalango imachita kasinthasintha yemweyo, kungoti kuzungulira kumodzi kumatenga moyo wonse wa mtengo.

Anthu awiri ndiwo anafotokoza zimenezi momveka, aliyense payekha. Daniel Janzen, amene ankafufuza ku Central America, analemba mu 1970, ndipo Joseph Connell, amene ankawerenga mbande m'nkhalango za Queensland ku Australia, analemba mu 1971. Mpaka lero ganizoli limadziwika ndi mayina awo awiriwo. Lili ndi miyendo iwiri. Woyamba ndi kutalika kuchokera pa kholo, umene ndafotokoza kale. Wachiwiri ndi kuthithikana: mbande za mtundu umodzi zikakhala 200 pamalo ang'ono, matenda amangoyenda kuchoka pa ina kupita pa inzake, ndipo gulugufe wofuna poikira mazira savutika kuzipeza. Mtundu wa mtengo ukayamba kuchuluka, adani ake amachulukanso n'kuubweza m'mbuyo. Ukachepa, adaniwo amausowa ndipo umapuma. N'chifukwa chake palibe mtundu umodzi umene umalanda nkhalango yonse ngakhale utakhala wamphamvu chotani.

Pali mfundo imodzi imene zonsezi zatsamirapo, ndipo anthu ambiri amailumpha. Mdaniyo ayenera kukhala wosankha. Chiswe, moto ndi mbuzi zimaononga mbande iliyonse, choncho sizithandiza mtundu wosowa kuposa wochuluka. Othandiza ndi aja odya mtundu umodzi kapena mitundu yochepa yapachibale. Janzen atasonkhanitsa njere ku Costa Rica n'kulera tizilombo totulukamo, anapeza mitundu yoposa 100 ya tizilombo tofumbula njere, ndipo pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse inkadya njere za chomera cha mtundu umodzi wokha. Mbozi za m'masamba sizisankha kufika pamenepo, zambiri zimadya mitengo ingapo yapachibale. Mafangasi owoletsa mbande nawo amatha kugwira mitengo yambiri, koma kapweteke kake kamasiyana: amene wakhala zaka pansi pa mtengo wakuti amakhala waukali kwambiri pa ana a mtengo womwewo.

Umboni wake ulipo wogwirika. Pa chilumba cha Barro Colorado ku Panama pali malo a mahekitala 50 pamene mtengo uliwonse wokula kufika sentimita imodzi m'mimba mwake wakhala ukuyezedwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pali mitundu pafupifupi 300. Pa chilumba chomwecho Carol Augspurger anatsatira mbande za mtengo wotchedwa Platypodium elegans n'kuona kuti zambiri zofa m'miyezi yoyambirira zinkafa ndi matenda owola m'khosi, makamaka pafupi ndi kholo, pothithikana ndi pamthunzi. Zimene zinatera pamalo owala, pamene mtengo wina unagwa n'kutsegula denga, zinkapulumuka. Mu 2010 ofufuza ena a komweko anaonetsa kuti mitengo yosowa m'nkhalango ndi imene ana ake amavutika kwambiri akakhala pafupi ndi anzawo a mtundu wawo, ndipo yochuluka ndi imene imapirirako. Ku Yasuní m'dziko la Ecuador hekitala imodzi yokha imakhala ndi mitundu ya mitengo yoposa 600. Nkhalango zathu za ku Mkuwazi, ku Misuku kapena m'zigwa za ku Viphya sizifika pamenepo, komabe lamulo lake ndi lomwelo.

Kafukufuku amene akuyankha funso lanu mwachindunji ndi wa ku Belize, amene Robert Bagchi, Owen Lewis ndi anzawo anatulutsa mu 2014. Iwo anachita zimene anzanu akufunazo. Anagawa timalo ta mita imodzi mbali zonse m'nkhalango, kwina akupopera mankhwala opha mafangasi, kwina opha tizilombo touluka ndi mbozi, kwina madzi okha. Kumene anapha tizilombo, mbande zinachuluka kuposa kawiri ndipo mitundu yopezekapo inasintha. Kumene anapha mafangasi, kusakanikirana kwa mitundu kunachepa, chifukwa mitengo yobereka njere zambiri inapeza mpata wodzaza malo. Mukapopera pansi pa mbawa zanu mungapeze mbande zambiri chaka chimenecho, koma zidzaferabe ndi mthunzi ndi kulimbirana madzi ndi mizu ya kholo, ndipo mudzakhala mutapha njuchi, mafangasi othandiza mizu, n'kuthira poizoni mumtsinje umene anthu akumunsi amamwa. Ine sindiona phindu lililonse pamenepo.

Kunena zoona, akatswiri akutsutsanabe pa kukula kwa mphamvu imeneyi. Imapezekanso kumayiko ozizira, monga anaonetsera pa mtengo wa Prunus serotina ku America mu 2000, ndipo si onse amene amavomereza kuti kuno kotentha ndi yamphamvu kwambiri kuposa kumeneko. Dothi, kuwala, madzi ndi mwayi chabe zilinso ndi gawo lake. Koma zoti mbande imavutika ikakhala pakati pa abale ake zaonekera m'nkhalango zambiri moti wobzala mitengo angazidalire.

Musanagamule kuti ndi matenda, pitani mukagwade pansi pa mbawayo mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, m'mawa, muzule mbande zingapo zimene zikufota. Ngati pamene tsinde lakumana ndi dothi papyapyala, pada ndipo pakuoneka ngati pathiridwa madzi otentha, kambande n'kugwa chagada masamba akadali obiriwira, amenewo ndi matenda owola m'khosi. Oyambitsa ake ndi Pythium, Phytophthora, Rhizoctonia ndi Fusarium. Awiri oyambawo ali ndi timbewu tosambira m'madzi a m'dothi, n'chifukwa chake amakonda malo achinyontho, amthunzi, opanda mphepo, ndipo chifunga ndi mvula yamawawa ya kuno ku Mzuzu zimawapatsa nthawi yaitali kuposa kumadera ouma. Ngati tsinde ladulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, masamba ali pambali, ndi mbozi zodula za usiku kapena nkhululu. Ngati masamba anthete atsala mitsempha yokha, ndi mbozi za m'masamba, ndipo mukatembenuza tsamba mudzazipeza. Njere zokhala ndi kabowo kozungulira ndi ufa m'kati zafumbulidwa. Makoko osweka ounjikidwa pansi pa chipika ndi ntchito ya mbewa kapena agologolo. Koma mbande yongoima osakula, masamba otuwa, mizu yoyera bwino, n'kudzauma mu Ogasiti kapena Seputembala, imeneyo yafa ndi mthunzi ndi ludzu, palibe kachilombo koimba mlandu.

Komiti yanu ingathe kuyesa yokha, ndipo ndikulimbikitsa kuti mutero chifukwa anthu amakhulupirira zimene awerenga ndi maso awo. Tengani machubu 90. Mu 30 oyamba ikani dothi lapamwamba, masentimita 10 oyambirira, lotengedwa malo angapo m'kati mwa mamita 5 kuchokera patsinde la mbawa. Mu 30 achiwiri ikani dothi lofanana nalo maonekedwe, lotengedwa pansi pa mitengo ina pamtunda wa mamita 100 kuchokera pa mbawa iliyonse. Mu 30 otsala ikani dothi la pansi pa mbawa lomwe lija, koma loyamba laphikidwa ndi nthunzi. Kaphikidwe kake n'kotere: thirani madzi pang'ono pansi pa diramu, ikani njerwa ndi sefa pamwamba pa madziwo, dothi likhale m'thumba pa sefapo, vundikirani, sonkhani moto, ndipo nthunzi ikayamba kutuluka pamwamba pa dothi dikirani mphindi 30. Lisiyeni lizizire masiku angapo. Njere za mbawa zisakanizeni kaye m'beseni, kenako fesani imodzi m'chubu chilichonse. Magulu atatuwo atalikirane pang'ono kuti madzi othirira asathovukire ku gulu lina, koma onse alandire dzuwa ndi madzi mofanana. Sabata iliyonse kwa masabata 8 lembani zomera ndi zakufa. Ngati gulu loyamba likufa kwambiri kuposa awiri enawo, mdani ali m'dothi. Werengani imfa, osati msinkhu, chifukwa dothi lophika limamasula chakudya ndipo mbande zake zimatalika ngakhale matenda kulibe. Pofuna kudziwa za mbewa, vundikirani timalo tina m'nkhalangomo ndi waya wa sefa wokwiriridwa m'mbali, tina musiye poyera.

Tsopano za masuku ndi miombo, limene ndi funso lanzeru kwambiri pa onse mwafunsa. Mombo, tsamba, mchenga ndi msuku zili ndi bwenzi kumizu. Pali mafangasi ena amene amakuta nsonga za timizu ngati chikwama, n'kutambasula ulusi wawo m'dothi kukatenga madzi ndi michere, makamaka fosifolasi, mtengo n'kumawalipira ndi shuga. Bowa wa ndelema ndi manyame amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja ndi zipatso za mafangasi amenewa, n'chifukwa chake miombo ikadulidwa bowayo amasowa. Chikwama chija chimatchinjiriza muzu ku zowoletsa, ndipo mafangasiwo amachuluka pafupi ndi kholo. Choncho kwa mwana wa msuku, kumera pafupi ndi make kuli ndi phindu limene mwana wa mbawa alibe. Mbawa ndi mitengo yambiri ya kumtsinje ili nawonso mafangasi othandiza, koma a mtundu wina wolowa m'kati mwa muzu osaukuta, ndipo chitetezo chake n'chochepa. Onjezanipo kuti miombo imaphukira kwambiri kuzitsa ndi kumizu, kuti makoko ake amathetheka n'kuponya njere pafupi, ndiponso kuti kumtunda dothi limauma miyezi yambiri moti zowoletsa sizipeza mpata. Zoterezi zimachitika ngakhale m'nkhalango yamvula ya ku Congo, kumene mtengo wa Gilbertiodendron dewevrei, wachibale cha miombo yathu, umadzaza malo aakulu pafupifupi wokhawokha.

Paini wa ku Chikangawa nkhani yake ndi ina. Nayenso ali ndi mafangasi okuta mizu, koma chachikulu n'chakuti ndi mlendo. Pinus patula, amene anadzaza gawo lalikulu la mahekitala pafupifupi 53,000 a ku Viphya, kwawo ndi ku Mexico, ndipo anabwera ngati njere, adani ake atatsala kwawo. Bulugamu anachokera ku Australia mwa njira yomweyo. Mtengo wothawa adani umakula bwino pamzere wokhawokha, mpaka tsiku limene adaniwo adzaupeze. Mitengo ya rabala ya ku Vizara ku Nkhata Bay ikupereka chitsanzo chabwino. Kwawo ku Amazon rabala wachilengedwe amamera patalipatali, ndipo matenda a masamba a kumeneko samuononga kwenikweni. Henry Ford atatsegula munda waukulu wa rabala ku Brazil mu 1928 n'kubzala mitengo mothithikana, matendawo pamodzi ndi tizilombo zinayenda nthambi ndi nthambi, ndipo ntchitoyo inalephera. Minda ya rabala ya ku Asia ndi kuno ku Africa ikuyenda chifukwa matenda amenewo sanawoloke nyanja.

Kuno kwathu adani ena anafika kale. Nsabwe ya mitengo ya saipuresi, Cinara, inaoneka koyamba mu Africa m'dziko lathu lino mu 1986, n'kuumitsa mipanda ndi minda ya saipuresi, ndipo inagwiranso mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Inacheperako mphamvu m'zaka za m'ma 1990 akatswiri atabweretsa kamavu kakang'ono kamene kamaikira mazira m'thupi mwake. Pa bulugamu mwaona kale timatuza totupa pamitsempha ya masamba anthete, ntchito ya kamavu kotchedwa Leptocybe invasa, ndi timakoko toyera tomata pamasamba, m'mene mumabisala kachilombo koyamwa kotchedwa Glycaspis. Apa mpofunika kusiyanitsa. Mdani wachilengedwe amene wakhala ndi mtengo wake zaka zikwizikwi amaudulira ana koma saumaliza, chifukwa nayenso ali ndi omudya. Mdani wachilendo amabwera wopanda omudya, n'kupeza mitengo yosamudziwa, ndipo amapha ndi ikuluikulu yomwe. Ameneyu sachulukitsa mitundu, amaichepetsa.

Nanga inu muchite chiyani ndi mbawa zanu zitatuzo?

Njira yabwino koposa ndi kutola njere zisanagwe m'manja mwa adani. Nthawi ya chilimwe makoko akayamba kung'aluka, yalani matumba pansi kapena thyolani makoko okhwima muwaumitse pamthunzi mpaka atseguke. Tayani njere zonse zobooka. Njere za mbawa sizichedwa kufa zikasungidwa m'nyumba, choncho fesani m'masabata ochepa, ndipo ngati mukusunga, zisakanizeni ndi phulusa louma m'chitini chotseka pamalo ozizira. Mitengo itatu yokha ndi yochepa. Ana a kholo limodzi amafanana magazi, matenda ogwira mmodzi amagwira onse. Sinthanani njere ndi makomiti ena kuti mufike pa makolo 15 mpaka 30, otalikirana mamita 100 ngati n'kotheka.

Ngati mukufuna kuzula zomera zokha, chitani zimenezi msanga, zili ndi masamba awiri mpaka anayi, msinkhu masentimita 10 mpaka 15, tsiku lamitambo dothi lili lonyowa. Zulani ndi kamtengo kosongoka kuti muzu wapakati usaduke, sankhani zokhazo zolimba m'khosi, gwedezani dothi lochuluka ligwe chifukwa ndilo lanyamula matenda, zikulungeni m'thumba lonyowa, ndipo zilowe m'machubu tsiku lomwelo. Zikhale pamthunzi wabwino masabata awiri kapena atatu, kenako muziuchepetsa pang'onopang'ono. Musazule zonse. Za chapatali, makamaka zimene zatera pamalo owala, zisiyeni n'kuzilambulira, chifukwa zimenezo ndi zimene nkhalango yasankha kale.

Panazale cholakwika chofala ndi kukatapa dothi pansi pa mtengo womwe mukufesawo poganiza kuti ndilo ulikonda. Kwa mbawa, katope ndi mitengo ina ya kumtsinje, musatero. Tengani dothi pansi pa mitengo ina, magawo atatu a dothi, limodzi la mchenga wa kumtsinje, limodzi la manyowa owola bwino. Manyowa osapsa amabweretsa zowoletsa. Kwa msuku, miombo ndi paini, chitani mosiyana: sakanizanimo dothi pang'ono la pansi pa mtengo wathanzi wa mtundu womwewo, dzanja limodzi pa chubu, apo ayi mbande zimachita chikasu n'kupinimbira. Dothi lophika lokhalokha silabwino kwa mitengo imeneyi pa chifukwa chomwecho. Njere za masuku zifesedwe zikangochotsedwa m'chipatso, zikauma zimafa. Thirirani m'mawa kuti khosi la mbande ligone louma, ndipo tsiku lachifunga gwirani dothi kaye musanathirire. Denga la udzu likhale lopyapyala ndi lokwera kuti mphepo idutse. Mukaona kagulu kagwa, chotsani machubuwo ndi dothi lake lomwe, lekani kuthirira tsiku limodzi kapena awiri, chepetsani mthunzi. Ngati bedi lavutapo chaka chatha, nyowetsani dothi, liyaleni masentimita 15, likuteni ndi pulasitiki woonekera mkati kwa masabata 6 m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala pamene dzuwa lili ndi mphamvu. Panazale pokha m'pamene mankhwala a mafangasi angakhale ndi malo, ndipo pamenepo funsani mlangizi wa zankhalango za mtundu ndi muyezo wake.

Nyengo yobzala ikafika, kuyambira pakati pa Disembala, musatengere mbawa kabzalidwe ka paini. Mbawa ili ndi mdani wake wodziwika, kagulugufe kausiku kotchedwa Hypsipyla robusta. Kamaikira mazira pansonga yanthete, mbozi yake n'kuboola kulowa m'kati mwa nsongayo. Mudzaona utuchi wosakanikirana ndi utomoni pakabowo, nsonga n'kufota n'kuuma. Mtengo suufa, koma umaphukira nthambi ziwiri kapena zitatu, nazonso n'kuboledwa, mpaka mtengo umene unayenera kutulutsa matabwa umasanduka chitsamba. Mbawa zobzalidwa zokhazokha padzuwa, mamita awiri kapena atatu motalikirana, ndizo zimagwidwa kwambiri. Kupopera sikuthandiza kwenikweni chifukwa mbozi ili m'kati ndipo mvula imatsuka mankhwala. Bzalani mbawa patalipatali, mamita 10 mbali zonse, zimene zikupereka mitengo 100 pa hekitala, pakati pake pakhale katope, mtangatanga, mkuyu, mkundi, msambamfumu ndi zophukira zokha. Njira ina ndi kulambula timizere ta mita imodzi kapena iwiri m'tchire lomwe lilipo kale, n'kubzala m'menemo, kuti mbawa ipeze dzuwa pamutu koma mthunzi m'mbali, zimene zimaikakamiza kuthamangira m'mwamba ndi nsonga imodzi. Zaka zitatu kapena zinayi zoyamba muziyendera mwezi ndi mwezi nthawi ya mvula. Nsonga yoboledwa iduleni m'munsi mwa pamene mphako yathera, iphani mboziyo, ndipo zikaphuka siyani mphukira imodzi yowongoka. Pamalo pamene pali mbawa yaikulu, yambani kubzala ana ake mamita 30 mpaka 50 kuchokera patsinde, ndipo pansi pakepo bzalani mitundu ina.

Chenjezo lina ndi la zitsa. Fangasi wotchedwa Armillaria amakhala mwakachetechete m'mizu ya mitengo yachilengedwe, koma mtengo ukadulidwa amadya chitsa n'kupeza mphamvu zogwirira mitengo yatsopano yoyandikana nacho. Wavutitsa tiyi, khofi ndi paini m'dziko muno kuyambira kale, ndipo njira yosenda khungwa kuzungulira mtengo miyezi yambiri usanadulidwe, kuti mizu ithe chakudya, anaiyesera m'minda ya tiyi ya kuno m'zaka za m'ma 1930. Mtengo wanu ukachita chikasu n'kuuma wonse, sendani khungwa patsinde penipeni. Mukapeza zoyera zoyalana pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo, zonunkhira bowa, ndi yemweyo. Zulani ndi mizu yomwe, tenthani, ndipo dzenjelo musabzalemonso mtengo msanga.

Pali mbali ina imene makomiti ambiri saiwerengera ngati ntchito ya mitengo. Ngati mwana ayenera kuchoka pa kholo kuti apulumuke, pafunika womunyamula. Mbawa ili ndi mphepo, koma katope, mkuyu, maula, mpindimbi ndi mitengo yambiri ya zipatso imadalira apusi, anyani, mileme, mbalame zikuluzikulu, agwape ndi nguluwe. Nyama ikadya chipatso n'kukataya njere kutali, yaichotsa m'manja mwa adani, komanso yaisenda mnofu umene ukanaitana chuku. Ku Peru, John Terborgh ndi anzake anayerekeza nkhalango yotetezedwa ndi ina imene alenje anamaliza nyama zikuluzikulu, n'kupeza kuti m'yosakidwayo timitengo ta mitundu yodalira nyamazo tinachepa kwambiri ngakhale makolo ake anali chiimire. Nkhalango yotero imaoneka yathanzi poiona kunja kwa zaka zambiri, pamene m'kati ana a mitundu ina analeka kulowa. Choncho kutchera misampha, malegeni a anyamata ndi kudula mikuyu imene mbalame zimadyapo zilowe m'malamulo a nkhalango yanu mofanana ndi makala ndi moto. Pamalo amene mukufuna nkhalango ibwerere, mkuyu umodzi kapena kachere wosiyidwa pakati pa munda wakale amaitana mbalame ndi mileme, ndipo pansi pake pamamera mitundu imene inu simukanaipeza njere zake.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi mitengo ikuluikulu ya mtundu umodzi ikayamba kuuma nthambi motsatizana m'nyengo imodzi, kapena kachilombo kamene akuluakulu a m'mudzi sanakaonepo katadzaza masamba. Zikatero dulani kanthambi kokhala ndi mbali yodwala ndi yamoyo yomwe, kaikeni m'pepala osati m'jumbo chifukwa m'jumbo kamawola, tizilombo tiikeni m'kabotolo, lembani tsiku ndi malo, ndipo kaperekeni ku ofesi ya zankhalango ku Mzuzu, amene angatumize kwa akatswiri a kafukufuku wa zankhalango ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Pamene mukudikira yankho, musasamutse mbande, nkhuni kapena mitengo yomangira kuchoka pamalopo kupita kumudzi wina.